Kanyama ka Amake Tadala

Ku Biwi, pa mdadada wa nyumba zisanu za lendi kuseri kwa chigayo, aliyense ankadziwa kuti Agatha Ngozo amagwira ntchito kumochale. Sizinali zoona, koma palibe amene anamufunsapo. Nkhaniyo inayamba chaka chimene anasamukira pamalopo. Mayi wina ananunkhiza chikhoti choyera chimene Agatha anayanika pachingwe, n'kuuza anzake kuti fungo limenelo analimva tsiku limene anakatenga thupi la mlongo wake kuchipatala. Kuyambira pamenepo anthu ankamupatsa moni waulemu, kumutchula kuti Anti a kuchipatala, koma akangofika pampopi ndi ndowa yake macheza ankazilala. Pamaliro a m'deralo amayi ankamuuza kuti akhale pamphasa apume, ndiwo adula okha.

Agatha anali ndi zaka 47. Banja lake linatha kale chifukwa m'nyumbamo simunabadwe mwana, makolo ake ku Dedza anatsikira kulichete onse awiri, ndipo mng'ono wake yekhayo anali ku Joni, wongoimba foni pa Khirisimasi. Zoti akonze bodza la kumochale lija anazisiya. Ankaona kuti kufotokoza ntchito yake yeniyeni kukanangowonjezera mafunso.

Ntchito yake inali ya anthu amoyo. Kachipinda kake kanali kumapeto kwa khonde lalitali, kupitirira kochapira zofunda za odwala. Madokotala akachotsa chotupa, kapena akadula kanyama pathupi la wodwala kuti adziwe chimene chikumuvuta, ankakaponya m'botolo la fomalini kuti kasawole n'kukatumiza kwa iye. Agatha ankakaika m'makina amene ankakachotsa madzi n'kukamwetsa phula. Kukacha ankakaumba m'kabuloku ka phula loyera ngati la kandulo, kochepera bokosi la machesi. Kenako ankakhala pa mayikolotomu, makina achitsulo okhala ndi gudumu lopukusa ndi dzanja, amene amasenda kabuloku kaja ndi lezala n'kutulutsa tizidutswa topyapyala kuposa khungu la anyezi, tolumikizana ngati riboni. Tizidutswato ankatiyandamitsa pamadzi ofunda kuti tiwongoke, kutitola ndi kagalasi, n'kutipaka utoto wabuluu ndi wofiirira. Lachinayi lililonse kunkabwera Dokotala Tusekele kuchokera kuchipatala china kudzayang'ana magalasiwo pa maikulosikopu, n'kulemba ngati ndi khansa kapena ayi.

Kale m'chipindamo ankakhalamo atatu. A Kizito Maseko, amene anamuphunzitsa ntchitoyo, anapuma zaka zinayi zapitazo. Owen anapeza ntchito ku bungwe lina ku Blantyre. Malo awo sanalowepo munthu. Mipando yawo Agatha ankaikapo makatoni a magalasi, ndipo masiku ena ankaweruka asanalankhule ndi aliyense kupatula wonyamula mabotolo.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayikolotomu anayamba makhalidwe achilendo. Akapukusa gudumu, kadutswa kamodzi kankatuluka kopyapyala bwino, kotsatira konenepa, kenako lezala linkangodutsa osadula kanthu, n'kudzaluma mwadzidzidzi. Tizidutswa tina tinkatuluka ndi mizeremizere ngati malata. Agatha anasintha lezala, anasintha kapendekedwe kake, anamanga kabawuti kalikonse kamene maso ake ankakaona. Sizinathandize. Bambo wokonza zipangizo pachipatalapo anabwera, anazungulira makinawo manja ali m'matumba, n'kunena moona mtima kuti iye amadziwa jenereta ndi mafiliji. Katswiri wa makina oterewa ankabwera kamodzi pachaka, ndipo anali atabwera kale mu Meyi.

Analemba funso lake pa gulu la WhatsApp la anthu a m'malabotale, limene linali ndi anthu opitirira makumi asanu ndi limodzi. Analifotokoza bwinobwino, n'kuikapo ndi chithunzi. Ambiri analiwerenga. Mmodzi anatumiza kachithunzi ka manja opemphera, wina anafunsa ngati alipo akudziwa tsiku la msonkhano wa ku Salima, ndipo funso la Agatha linakwiririka pansi pa mayankho a msonkhanowo.

Lachinayi limenelo Dokotala Tusekele anabweza magalasi awiri. Sanakalipe. Anangoti sangalembe kanthu pa zimene sakuziona bwino, ndipo anapempha kuti adulenso. Timabuloku tiwirito tinali ta zotupa zikuluzikulu, choncho panali potapanso.

Lachisanu m'mawa kunabwera botolo laling'ono lochokera ku kiliniki ya amayi. Agatha anali akulemba nambala m'kaundula pamene anawerenga dzina papepalalo: Kettie Kamwendo, zaka 39, Biwi, chotupa m'bere lakumanzere. Cholembera chinaima. Amenewa anali amake Tadala, a chitseko chachitatu pamdadada paja, ogulitsa matimati pamsika, amene ankaimba nyimbo za kwaya akamachapa. Sanali mwa anthu omunena kwambiri, komabe ankaitana mwana wawo akamuona akusewera pafupi ndi khonde la Agatha.

Ananyamula botololo n'kuliyang'ana kuwindo. Munali tinyama tiwiri tokha totapidwa ndi singano, toonda kuposa mtengo wa machesi, tatifupi. Makina aja akanangoluma kawiri katatu, tinyamato tikanathera m'zosenda. Ndiye kuti amake Tadala akanayenera kubayidwanso, ndipo mndandanda wa ku kiliniki unali wa mwezi ndi theka. Kutumiza kwina kunalinso ndi mzere wake wautali. Panalibe wina woti amupatse ntchitoyo. Anatiika m'makina a phula madzulo a tsikulo, Loweruka m'mawa anabwera kudzatiumba m'kabuloku, n'kukaika payekha pashelefu. Asanatseke chitseko anatenga kabuloku kena kakale, n'kujambula pafoni mayikolotomu akudula.

Kwa a Kizito anali asanapiteko kwa zaka ziwiri. Anamva kuti matenda a shuga awatseka maso, ndipo mlungu uliwonse ankadziuza kuti apita Loweruka likubwerali, mpaka manyazi a kuchedwako anasanduka chifukwa china chosapitira. Tsikulo anakwera minibasi mpaka kudepoti, n'kukweranso ina yodzera ku Chinsapo, atanyamula jumbo ya nthochi pamiyendo. Anatsika pa Chigwirizano dzuwa lili paliwombo, n'kuyenda m'tinjira tafumbi pakati pa mipanda ya njerwa zosaotcha.

Anawapeza atakhala pampando wapulasitiki pansi pa mtengo wa mango, wailesi yaing'ono ili pachifuwa. Anali ataonda, malaya akuoneka ngati obwereka. Agatha anaodira, ndipo iwo anatembenuza mutu pang'ono n'kuzimitsa wailesi.

"Nangozo," anatero. "Ndimati mwina munasamukira ku Joni."

Agatha anagwada pambali pawo, anawagwira dzanja n'kupepesa. Iwo anati palibe chopepesa, ntchito ya munthu mmodzi yogwira atatu amaidziwa. Mwana wawo Sophie anabweretsa mpando ndi madzi akumwa n'kubwerera m'nyumba. Anafunsana za moyo, za mvula imene inkachedwa, za anzawo akale. A Kizito anatchula mayina asanu ndi limodzi, ndipo Agatha anazindikira kuti palibe ndi mmodzi yemwe anapondapo pakhomopo.

Kenako anawauza chimene chinamubweretsa. Dzina la wodwala sanalitchule, anangoti ali ndi tinyama tiwiri ta singano timene sangathe kutiwononga. Nkhope ya a Kizito inasintha. Anakhala tsonga n'kuyamba kumufunsa ngati mmene ankachitira iye ali wophunzira: lezala ndi la mtundu wanji, phula ndi lomwe lija kapena anasintha, timabuloku akutiziziritsa bwanji. Agatha anavomera kuti magetsi akazima jenereta safika kuchipinda chake, ndiye ayisi amapezeka mwa apo ndi apo. Anatulutsa foni, n'kudzimvera chisoni atakumbukira kuti kanemayo sangamuone. A Kizito anati aiike pafupi ndi khutu.

Anamvetsera katatu, chala chili m'mwamba. Kachitatuko anati ayimitse.

"Mwamva kakuti tse, gudumu likamatsika? Lezala likunjenjemera. Silinakhazikike."

"Ndamanga zonse, Abambo."

"Mwamanga zapanja. Kachitsulo kamene kamapana lezala kaja, munakachotsa liti n'kupukuta kuseri kwake?"

Agatha anali asanakachotsepo. Sankadziwa n'komwe kuti kamachoka. A Kizito anaseka pang'ono n'kunena kuti mlandu ndi wawo. Kwa zaka makumi awiri ankachita zimenezo okha Lachisanu lomaliza la mwezi, ena atapita kukadya, ndipo sanaganizepo zoti n'chinthu chophunzitsa munthu. Anafotokoza kuti zosenda za phula zimalowa kuseri kwa kachitsuloko pang'onopang'ono, zimasakanikirana ndi fumbi n'kuuma. Ukamanga umaona ngati wamanga, pamene lezala lakhala pa phula, ndipo kukatentha phulalo limafewa. Anatenga dzanja la Agatha n'kumusonyeza pachikhatho pamene pali timabawuti tiwiri tobisika, mbali yopotokolera, ndi kasipuling'i kamene kamathawa munthu akapanda kukagwira ndi chala. Za ayisi anati asadikire filiji. M'masiku awo ankapempha kwa mayi wogulitsa mafilizesi pageti. Ndipo asayambe ndi kabuloku kofunikako, ayese kaye pa takale mpaka riboni ituluke yosaduka.

Nkhani ya makina itatha, sanafune kuti anyamuke. Anafunsa ngati utoto wabuluu ukugwirabe bwino ndi madzi a pampopi, ngati windo lakumadzulo linakonzedwa, ngati Dokotala akadali ndi chizolowezi chong'ung'udza nyimbo akaona zachilendo. Anati m'maloto amaonabe magalasi, mitundu yake yowala bwino, koma akadzuka amalephera kukumbukira nkhope ya mdzukulu wawo. Agatha anakhala mpaka mthunzi wa mango unafika kumpanda.

Pomuperekeza, Sophie anamuuza pageti kuti kuntchito amusamutsira ku Karonga, ndipo bambo akewo akukawasiya kwa achemwali awo ku Ntcheu kumapeto kwa mwezi. Iwo anali asanauzidwe. Anapempha Agatha kuti asawatsine khutu. Agatha anavomera, n'kuyenda kupita kusiteji atanyamula zinsinsi ziwiri.

Lolemba analawirira. Timabawuti tija anatipeza pomwe anauzidwa. Atachotsa kachitsuloko, kuseri kwake kunali chikhakha cha phula lakuda, lolimba ngati chingamu chakale. Anachipala, anapukuta ndi mankhwala osungunula phula mpaka chitsulo chinawala, n'kubwezeretsa zonse chala chili pa kasipuling'i. Mayi wa mafilizesi anamupatsa chibuma cha ayisi osafunsa kuti n'chachiyani. Anayesa pa timabuloku titatu takale. Pa kachitatu riboni inatsika yosalala, yayitali ngati dzanja lake, ndipo Agatha anatembenuka ngati pali womuonetsa. M'chipindamo munali iye ndi makatoni.

Kabuloku ka amake Tadala anakasiya pa ayisi nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Kenako anakamanga pamakina, anaika lezala latsopano, n'kuyamba kupukusa pang'onopang'ono atagwira mpweya, mpaka tinyama tija tinaonekera m'phulamo ngati timizere tiwiri totuwa. Anatenga tizidutswa tisanu ndi kamodzi n'kusiya zotsala zokwanira. Pamadzi ofunda tinatambasuka popanda khwinya.

Masana, utoto utauma, anaika kagalasi pa maikulosikopu. Udindo wake unali wongoona ngati kadulidwe ndi utoto zili bwino, ndipo zinali bwino kuposa zonse zimene anachita mwezi umenewo. Koma munthu amene waona magalasi zaka makumi awiri sangadziletse kuona zimene zilipo. Timaselo tinali tothithikana, takuda, tolowerera m'mafuta mopanda dongosolo. Anazimitsa nyale ya maikulosikopu n'kukhala kanthawi manja ali pamiyendo.

Madzulo a tsikulo anakumana ndi amake Tadala pampopi. Panalibe wina, ndipo ndowa ya amake Tadala inali itadzaza. Anayesa kuinyamula n'kuibweza pansi, akusisita m'khwapa. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anapempha Anti a kuchipatala kuti awasenzetse. Ndowa ili pamutu, anayamba kufotokoza okha kuti anali kuchipatala mlungu wathawo, anawabaya singano pabere, ndipo anawauza kuti abwerenso pa 30. Anati mwina sapitako, chifukwa kachotupako sikapweteka ndipo tsikulo ndi lopikula matimati.

Agatha anafuna kuwauza zimene anaona pakagalasi kaja, koma anadziletsa. Sanali dokotala, ndipo ngakhale akanakhala, pampopi sipanali pouzira munthu zoterezo.

"Amake Tadala, tsiku limene anakuuzanilo musaliphonye," anatero. "Matimati adzakupikulirani ena."

Mayiwo anamuyang'ana kuchokera pansi pa ndowa, n'kunena kuti amva. Masiku atatu otsatira Agatha ankawamva akuimba kuseri kwa khoma uku akuchapa, ndipo iye ankatsegula wailesi.

Lachinayi Dokotala Tusekele anayang'ana kagalasiko nthawi yochepa, anayamikira kadulidwe kake, n'kulemba kuti ndi khansa. Agatha anapempha kuti akapereke yekha pepalalo ku kiliniki m'malo modikira wonyamula. Kumeneko anauza namwino kuti wodwalayu akapanda kubwera pa 30 amuimbire foni. Namwinoyo anafunsa ngati ndi m'bale wake. Agatha anati ayi.

Amake Tadala anapita pa tsiku lawo. Kumayambiriro kwa Disembala anawachita opaleshoni, ndipo bere lonse linafika kwa Agatha m'kandowa kapulasitiki kotseka, nambala italembedwa pambali. Analiyeza, analipaka inki m'mphepete monse kuti Dokotala aone ngati matendawo anafika kumalire, ndipo atatapa tinyama tofunika anatidula timabuloku khumi ndi tinayi. M'malire munapezeka moyera, koma m'khwapa matendawo anali atalowamo pang'ono, choncho panafunika mankhwala a miyezi ingapo. Nthawi imeneyo a Kizito anali atapita kale ku Ntcheu. Agatha anayesa kuwaimbira kawiri kuti awauze kuti makina akudula bwino, koma foni yawo sinkapezeka.

Lamulungu lina mu Januwale, mvula ikuwaza, kunamveka odi pakhomo pake. Anali amake Tadala, atafunda chitenje mpaka kumutu, phewa limodzi litatsika. Anakana kulowa ponena kuti mapazi awo ali ndi matope, n'kuima pakhonde. Anati namwino wina anawauza kuti zimene amachotsa ku opaleshoni zimapita ku labotale, kwa mayi wina wokhala ku Biwi komweko. Agatha anavomera kuti ndi iyeyo. Mayiwo anayang'ana madzi otsika m'malata. Kenako anati apongozi awo akunena kuti ziwalo zoterezo amazigulitsa kwa asing'anga, ena akuti amangozitaya kudzala agalu n'kumakokerana, ndipo iwo tulo sakutipeza.

"Bere langa lili kuti, Anti?"

Agatha anawauza zonse mosabisa. Linali pashelefu m'chipinda chokiya, m'kandowa kotseka, m'mankhwala oti lisawonongeke, ndipo makiyi ankasunga iye. Tinyama tating'ono timene anatapa tinali m'phula, m'kabati, ndipo tidzakhala momwemo zaka zambiri kuti madokotala akadzafuna kuonanso adzatipeze. Lotsalalo, masabata oikika akakwana, lidzaotchedwa m'ng'anjo ya chipatala mpaka kusanduka phulusa.

"Munaligwira ndinu?"

"Ndine. Palibenso wina."

"Linayamwitsa ana atatu limene lija," anatero amake Tadala. Anakoka chitenje n'kupukuta kumaso. "Tsiku loliwotchalo, ndikanakonda pakhale munthu wondidziwa. Lisapite ngati zinyalala."

Agatha analonjeza. Mayiwo anathokoza mwakachetechete, anapempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo, n'kubwerera kwawo akuyenda m'mphepete mwa khoma kuthawa mvula.

Tsikulo linafika pakati pa Febuluwale. Nthawi zonse Agatha ankangosainira ndowa zoyenera kuotchedwa, ndipo a Misheck, bambo woyang'anira ng'anjo, ankazitenga pa wilibala. Ulendo uno anakhetsa yekha mankhwala, anakulunga berelo m'thumba lachikasu monga mwa lamulo, n'kulinyamula m'manja kutsatira wilibalayo. Anadutsa kuseri kwa khitchini, anatsetsereka m'kanjira ka udzu wonyowa mpaka kumpanda, kumene kunali kanyumba ka njerwa ka chumuni chachitali. A Misheck anamuuza kuti utsi wake si wabwino, akhoza kubwerera, iwo amaliza. Agatha anati adikira. Bamboyo anamuyang'ana, n'kuyang'ananso thumbalo. Analilandira ndi manja awiri, analiika payekha, n'kuvula chipewa asanatseke chitseko chachitsulo.

Anaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, aliyense kumbali yake, akumva moto ukulilima m'katimo. Agatha anayesa kupemphera koma mawu sankabwera, ndiye anangotchula dzina la mayiwo mumtima, lonse monga linalembedwera papepala. Moto utazilala a Misheck anasuzumira pa kabowo n'kugwedeza mutu kuti zatha.

Ataweruka sanayambe walowa m'nyumba mwake. Anapita molunjika pa chitseko chachitatu kuti akanene kuti lonjezo lija lakwaniritsidwa. Anapeza loko. Mayi wa chitseko chachinayi, amene ankasankha mpunga pakhonde, anati amake Tadala mankhwala aja awafooketsa, ndiye amuna awo awaperekeza m'mawa womwewo kwa mayi awo ku Linthipe pamodzi ndi ana, azidzachokera komweko popita kuchipatala. Anafunsa ngati pali uthenga woti awasungire.

Agatha anati palibe, adzawauza yekha akadzabwera. Anaima pang'ono pa chitseko chokiyacho, kenako anapita kukaanula zovala zake, chifukwa kumwera kunali kutayamba kuda.